Nchenche ya Nthenga za Nkhanga

Anzanga acinyamata, kodi munaonapo anthu akuwedza nsomba pa bwalo la mpira? Ngati mukhala ku Chelstone, ndipo m'mwezi wa Julayi caka ca 2024 munapitako pa bwalo lina la fumbi kufupi ndi thanki lalitali lija la madzi, kapena munationa. Nkhalamba imene inali pa kampando, itabvala cijasi ndi cipewa ca ubweya, ndiwo Agogo anga, atate ao a amai. Mnyamata amene anali kukwapula mphepo ndi ndodo yaitali, cingwe citamkulunga m'khosi, ndinali ine. Ana anali kutizinga tsiku liri lonse nafuula kuti, "Ba ankolo, mwagwila zingati manje?" Ine manyazi anali kundigwira kwambiri, makamaka poganiza kuti wina wa m'gulu lathu la acinyamata la ku Kabwata angadutse ndi kundiona.

Ife ana a mu Lusaka nsomba timaidziwira pa msika. Tidziwa kapenta wa ku Siavonga ndi wa ku Mpulungu, tidziwa bukabuka, tidziwa mtengo wa mulu uli wonse ku Soweto. Amene anawedzako, anapita ku Kafue kapena ku Chongwe ndi citini ca nyongolotsi, naponya mbedza, nakhala pansi kudikira. Tsono kuwedza kumene ndifuna kukuuzani nkwina. Nyambo yake sidyeka. Ndi nthenga ndi ulusi cabe, zomangidwa pa kambedza kakang'ono kuti zioneke ngati kacirombo ka m'madzi. Agogo aicha nchenche. Nsomba yake ndi trout, imene simungaipeze m'mitsinje ya pafupi ndi ife, pakuti ifuna madzi ozizira ndi othamanga. Madzi ozizira asunga mpweya wambiri umene nsomba ipuma. Akafunda kupitirira madigiri 20, trout iyamba kubvutika, ndipo akafika ca ku 25 imafa. Lusaka ali pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,300, koma mitsinje yathu m'mwezi wa Okutobala imafunda ngati madzi osamba mwana.

Nsombayi kwao kweni-kweni ndi ku mitsinje ya kumadzulo kwa North America. Azungu a ku Britain anaikonda, ndipo kuli konse kumene anapeza phiri lozizira anatengerako mazira ake: ku Kenya, ku South Africa, ku Nyanga m'dziko la Zimbabwe. Ku Nyasaland inafika m'caka ca 1906, ndipo pa phiri la Zomba inakhazikika mu mtsinje wa Mulunguzi. Pambuyo pake inaikidwanso ku Mulanje ndi ku Nyika. Agogo anabadwira m'munsi mwa phiri lomwelo la Zomba m'caka ca 1943. Ali ndi zaka 12 anayamba kukwera phiri masiku a Loweruka ndi Sondo kukanyamulira azungu dengu, kaukonde ndi botolo la tiyi. Nthawi imeneyo Zomba ndiye anali likulu la dziko, motero akalaliki akulu-akulu a boma anali ambiri. M'caka ca 1961, masiku a citaganya ca Federation, mmodzi wa iwo anasamutsidwa kubwera ku Lusaka, ndipo anatenga Agogo kuti akhale wothandiza m'khichini. Anaphika ku Kabulonga, anaphika ku Woodlands, anakwatira, anabala ana 7, ndipo sanabwererenso kukakhala kwao.

Zonsezi ndinali kuzidziwa pang'ono-pang'ono, monga mmene tonse tidziwira mbiri ya makolo athu: timva ndi khutu limodzi, maso ali pa foni. Cimene cinandikhazika pansi ndi mdima. Mukumbukira cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kupita tsiku lonse. Amai anali kundituma kukagona ku Chelstone kawiri pa mlungu, cifukwa maso a Agogo anali atagwidwa ndi ng'ala ndipo mumdima anali kugunda mipando. Foni ikatha moto, panalibe cina cocita koma kumvetsera. Usiku wina anandiuza kuti ndikoke cinthu kunsi kwa bedi. Cinali cithumba cacitali ca nsaru, ndi kabokosi ka citsulo ka masikono. M'cithumba munali ndodo ya zigawo zitatu zolumikiza. Inapangidwa ndi nsungwi yong'ambidwa m'timizere 6, tosemedwa bwino ndi kumatidwa pamodzi, kotero kuti ukaigwira umva ngodya zake m'zala. Bwana uja anawasiyira pamene anali kubwerera kwao m'caka ca 1974. M'kabokosi munali nchenche zoposa 100, zina zitadyedwa ndi njenjete.

Usiku womwewo ananena comwe anali kufuna. Kalata inali itabwera kucokera kumudzi kuti kumapeto kwa Ogasiti adzamanga ciliza ca mlongo wao. "Udzandiperekeza," anatero. "Tikatha za kumanda tidzakwera phiri. Koma maso ndiribe, ndiye iwe uphunzire kuponya. Udzandiponyere, ine ndidzamve cabe kulira kwa cingwe."

Ndisakunamizeni, sindinakondwere. Ogasiti ndiwo mwezi wa msasa wathu wa acinyamata, ndipo ine ndinali mlembi wa komiti. Ndiponso ndinali nditatsiriza maphunziro ku Evelyn Hone College, mutu utadzala ndi nzeru zatsopano, ndipo nkhani ya mwana wakuda wonyamulira mzungu dengu inali kundinyansa. Tsiku lina pa bwalo paja, cingwe citandikwapula khutu kacitatu, ndinalankhula mau amene ndicita nao manyazi kufikira lero. Ndinati, "Agogo, inu munali wanchito cabe kumeneko. Anali kukuitanani ndi mluzu. Nanga mukumbukiranji malo otero ngati kuti kunali ukwati?" Anakhala cete nthawi yaitali, akusisita bondo. Kenaka anati, "Mluzu ndiukumbukira, mdzukulu wanga, sindinaiwale ai. Koma mzungu uja anapeza mtsinje ulipo kale, ndipo anausiya pomwepo. Amai anga anali kutunga madzi omwewo m'munsi. Tola cingwe, uyambenso."

Lekani ndikufotokozereni kuponya kwake, pakuti ndi pamene pali cinsinsi conse. Pa mbedza ya nyongolotsi pali kamtobvu kolemera, ndipo kamtobvuko ndiko kakoka cingwe. Nchenche ya nthenga iribe kulemera kuli konse. Mutaiponya ndi dzanja singafike ngakhale pa mapazi anu. Motero pano colemera ndi cingwe cokha, cimene ciri conenepa ngati cingwe ca nsapato, ndipo kumapeto kwake kuli ulusi woonda wosaoneka m'madzi. Munyamula ndodo msanga kufikira itaima pafupi ndi khutu, muimitsa, cingwe cipita kumbuyo, ndipo mudikira kufikira citatambasuka conse. Mukatero mukankha ndodo kutsogolo ndi kuimitsanso, cingwe cifunyululuka pamwamba pa madzi, nchenche igwa pomalizira, mofewa ngati phulusa. Cobvuta ndi kudikira kuja. Ndi kanthawi kocepa, kosakwana kupuma kumodzi, koma thupi lonse lifuna kuthamangira kutsogolo. Ukafulumira, cingwe cilira ngati cikoti ca ngolo ndipo nchenche iduka. Agogo sanali kuona cingwe, koma khutu lao silinali kuphonya. "Wathamanga! Cisiye cithe ulendo wake wa kumbuyo." Pofuna kuti ndileke kugwedeza mkono wonse, anandipanitsa buku la nyimbo m'khwapa, nati likagwa ndiye kuti ndalakwa. Linagwa kambiri, ndipo cikuto cake cikali ndi fumbi la ku Chelstone.

Cingwe cakale cinali citafumbwa, ndipo catsopano tinacipeza m'sitolo ina mumzinda pa mtengo umene unandiumitsa pakamwa. Koma nchenche sitinagule. Ndinapita ku Soweto kwa amai ogulitsa nkhuku ndi nkhanga, ndinapempha nthenga, iwo nandiyang'ana ngati wopita kwa sing'anga. Ulusi tinatenga pa makina osokera a amai. Waya woonda wa kopa ndinaumasula m'wailesi yakufa. Agogo anali kupana kambedza pa kapulayala komangidwa ndi mphira, namanga ndi zala zokha, maso ali kumwamba ngati munthu wopemphera. Anali kupanga mitundu iwiri. Ina inali yomira, ya thupi lokulungidwa ndi waya, yofanana ndi timphutsi tokhala pansi pa miyala. Ina inali yoyandama, ya nthenga za m'khosi mwa tambala zozunguliridwa kuti ziime ngati miyendo, ndi timapiko ta nkhanga ta mawanga-mawanga. Pambuyo pake ndinawerenga kuti mlonda wina wa mtsinje wa Avon ku England, dzina lake Frank Sawyer, anachuka kaamba ka nyambo yomira yomangidwa ndi nthenga ndi waya wa kopa. Nditawauza Agogo, anaseka nati, "Nanga kopayo anali kumtenga kuti? Si kwathu kuno ku migodi?"

Za msasa ndinasiyira wotsatira wanga, ndipo ena m'komiti sanakondwere nane. Tinakwera basi pa Intercity kukali mdima. Ulendo wake ndi wa makilomita pafupifupi 1,000: Luangwa Bridge ndi nsomba zake zouma, nthoci za pa Nyimba, Petauke, Katete, Chipata, malire a pa Mwami, kugona ku Lilongwe, ndipo m'mawa mwake Dedza, Ntcheu, Balaka, Liwonde mpaka Zomba. Kwa munthu wa zaka 81 ndi cilango. Miyendo inatupa, koma ndodo sanalole kuti ipite kunsi ndi katundu. Anaikumbatira njira yonse. Za ciliza zinayenda bwino. Panali kulira, panali nyimbo, panali acibale amene anandiuza kuti Cinyanja canga nca m'tauni. Tsiku lacitatu mdzukulu wina wa malemu anapeza galimoto ya mnzake natikweza phiri.

Msewu wake ukhota-khota, ndipo m'mbali mwake muli anyamata ogulitsa masitiroberi ndi zipatso zina za kumapiri. Tinakumana ndi amuna otsika ndi njinga zosenza nkhuni zoposa msinkhu wao, ndi amai osenza mitengo yaitali pamutu. Agogo anali kufunsa kosaleka kuti, "Uona ciani?" Ine ndinali kuwauza zoona: kuti mapiri ambiri ndi ometedwa, zitsa zokha-zokha, kwina kwakuda ndi moto wa lupsa, kwina timitengo ta paini tongobzalidwa. Iwo anali kukumbukira nkhalango yoti masana munali mdima. Ndinawauzanso za damu lalikulu la Mulunguzi, limene linamalizidwa ca m'ma 2000 kuti lipatse madzi mzinda wa Zomba. Iwo sanalionepo. Anafunsa kuti liri pati, ndipo nditalongosola anangoti, "Ndiye kuti maiwe ena anamira."

Tinatsika galimoto pafupi ndi malo ochedwa Trout Farm, pomwe kale anali kuswetsera tiana ta nsombazi m'maiwe omanga ndi simenti. Pamwamba pa phiri pali mamita ngati 1,800, ndipo ngakhale Ogasiti anali kutha, mphepo ya m'mawa inali kulowa m'mafupa. Nkhungu inali ikali m'zigwa. Ine ndinafuna kulumikiza ndodo pomwepo, koma Agogo anakana. Anati kumapeto kwa nyengo yacisanu nsomba sidzuka m'mawa. Thupi lake litenga kuzizira kwa madzi, motero usiku wonse igona pansi pa dziwe, yaulesi, yosafuna kuthamangitsa kanthu. Idikira dzuwa lifike pamutu, madzi afundeko pang'ono, tizirombo tiyambe kuyenda. "M'nyengo ya mvula ulawira. M'nyengo ino umwa tiyi coyamba." Tinakhala pa mwala, tinamwa tiyi wa m'botolo ndi mbatata zophika, ndipo anandionetsa ndi dzanja kumene anali kuima ali mwana, kumbuyo kwa bwana, mapazi ali pa mame ozizira, wopanda nsapato.

Ca m'ma 10 koloko tinatsata kanjira kopita ku mathithi a Williams. M'mphepete mwa mtsinje mitengo yacilengedwe ikalipo, yaitali, ya ndere zolendewera, ndipo pansi pake mpozizira ngati m'chalichi ca miyala. Mulunguzi si Kafue ai. M'malo ambiri mwana angaulumphe, ndipo caka cimeneco, kaamba ka cilala, unali wocepa koposa. Koma madzi ake ndi oyera kotero kuti uwerenga miyala ya pansi. Agogo anagwada, napisa dzanja, nalisiya m'madzi nthawi yaitali. "Akali kuluma," anatero. Sindinawayang'ane kumaso.

Anandiuza kuti nditembenuze mwala wa m'madzi ndi kunena comwe ndaona. Panali tizirombo tofiirira, taphanthi-phanthi, ta timicira titatu, tothawira m'mbali, ndi tina tokhala m'tinyumba ta mcenga. Anakondwa, nati ngati timeneti tilipo ndiye kuti mtsinje ukali moyo. Kenaka anandipatsa malamulo. Yenda cokwera mtsinje, pakuti nsomba iyang'ana kumene madzi acokera, ndipo ukaidzera kumbuyo sikuona. Usaponde mwamphamvu, imva kugunda kwa nthaka. Cithunzi-thunzi cako cisagwere pa dziwe. Ndipo koposa zonse, pamene madzi ali osaya ndipo pansi pali timiyala tonga mtedza, ukaona malo oyera ngati posesedwa, usapondepo. Pamenepo nsomba yaikazi yakumba ndi mcira niikira mazira, ndipo phazi limodzi lipha mazana.

Ndinaponya yomira ija kwa ora lathunthu. Pa bwalo la mpira palibe mitengo, koma pano nthambi zinali kumbuyo, kutsogolo ndi pamwamba. Ndinakola mtengo kanai, ndinataya nchenche zitatu, ndinaterereka ndi kunyowa mpaka m'ciuno. Nsomba sindinaione ngakhale imodzi. Mdzukulu wa malemu uja anati iye anakulira pansi pa phiri limeneli koma trout anangoimva m'nkhani za akulu. Mumtima ndinayamba kuwerenga ndalama za basi, masiku a msasa amene ndinataya, ndi mau amene ndidzauza amai. Ndinaganiza kuti tayenda ulendo wonsewu kudzawedza m'mtsinje wopanda kanthu.

Dzuwa litafika pamutu tinafika pa dziwe lina lalitali ngati minibasi ziwiri, lokhala ndi mwala waukulu ku tsidya, pomwe madzi anali kuzungulira pang'ono-pang'ono. Kuwala kunali kulowa pakati pa masamba. M'kuwalako ndinaona tizirombo totuwa tikuuluka, tina tikuyandama pa madzi, mapiko ali ciriri ngati timabwato. Nditawauza Agogo, anaimirira msanga kuposa mmene ndinawaonerapo caka conse. "Khala pansi. Yang'ana m'mphepete mwa thobvu. Usalankhule." Tinakhala. Kuona maso a nkhono nkudekha, anatero akale, koma akalewo sanali atabvala buluku lonyowa pa phiri la Zomba. Mano anali kugundana. Patapita nthawi, pafupi ndi mwala uja, madzi anacita kabwalo kakang'ono, ngati pagwa dontho limodzi la mvula, ndipo kacirombo kamodzi kanasowa. Ndinawagwira mkono. Iwo anali atamva kale. "Kodi pacita thobvu?" Ndinati inde, kathobvu kamodzi. Anagwedeza mutu.

Anatsegula kabokosi, nafufuza ndi cala, natulutsa yoyandama ya mapiko a nkhanga. Ine ndinaimanga pa ulusi, manja akunjenjemera. Ndipo pamene ndinati ndiimirire, anati, "Bweretsa kuno." Anatulutsa kapulayala m'thumba la cijasi, anafufuza pokhota pa kambedza, ndipo ndinangomva kuti thyo! Nsonga yonse inagwera m'dzanja lao. Panatsala nthenga pa kawaya koongoka.

Anzanga, ndinakwiya. Ndinalankhula monong'ona kuopa kuthawitsa nsomba, koma anali mau aukali. Ndinati tayenda masiku awiri, ndaphunzira milungu 6 ana akundiseka, nsomba imodzi yokha yaoneka, ndipo inu muthyola mbedza? Iwo anayankha mosatekeseka. Anati m'masiku ao mtsinje unali kutsekedwa miyezi yacisanu cifukwa ndiyo nthawi imene trout iswana, monga mmene kwathu boma litsekera usodzi kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Anati ngakhale azungu aja, ndi kudzikuza kwao konse, lamulo limenelo anali kulisunga. "Tsono iwe wandiuza wekha kuti mitengo yatha ndipo madzi acepa. Kapena imeneyi ndi imodzi mwa zotsala zowerengeka. Kapena iri ndi mazira. Ndiikole pakamwa, ndiitopetse, cifukwa ninji? Ndiwo tinadya dzulo." Ndinati nanga tabwereranji. Anati, "Kudzaifunsa ngati nchenche yanga iikhulupirira."

Ndinatenga ndodo, ndinayang'ana dziwe, ndipo cinthu cina cinandibwerera m'mutu. Pa nkhani zonse za mumdima ku Chelstone, anandiuza za nsomba zimene bwana wakuti anagwira, zimene dona wakuti anataya, zimene iwo anatola ndi kaukonde. Kuponya anaphunzira okha pa kapinga ku Kabulonga eni nyumba atapita ku chuti, ndipo anawedzako ku Kafue ndi ndodo yomweyi. Koma sindinamvepo nkhani yoti iwo anagwira nsomba pa Mulunguzi. Ndinafunsa kuti, "Agogo, kodi inu munaponyapo pa mtsinje uno?" Anati, "Ndani akanandipatsa ndodo? Cilolezo cinali ca eni ndalama. Ine nchito yanga inali dengu." Ndinawaika ndodo m'dzanja. Anakana kawiri, nati adzakola mitengo. Ndinati mitengo ndakola kale ine, yatsala yocepa.

Ndinawaimika pa mcenga kumunsi kwa dziwe, ndinaima kumbuyo kwao kumanzere, dzanja langa litagwira lamba wao kuti angagwe. Ndinawauza kuti kumbuyo kuli mpata pakati pa mitengo iwiri, ndi kuti mwala uli patsogolo, mapazi ngati 10, kumanja pang'ono. Anakoka cingwe pa gudumu, nayesa utali wake ndi mikono. Ndipo ananyamula ndodo. Ine ndinali nditaponya milungu 6, koma kufikira tsiku limenelo ndinali ndisanaone kuponya. Mkono sunacoke pa nthiti. Panalibe mphamvu, panalibe kulira kwa cikoti, koma kamluzu kofewa ka cingwe cikupita kumbuyo, kudikira, ndi kubwera. Nchenche inagwa kumanzere kwambiri. "Kumanja, Agogo, mkono umodzi." Yaciwiri inagunda mwala. Yacitatu mphepo inaikankha. Anapuma, napukuta nchenche pa cijasi, naiuzira kuti iume. Mwendo wao unali kunjenjemera, ndipo ndinaumva m'lamba.

Ya cinai inatera pamwamba pa thobvu, niima pa miyendo yake ya tambala, niyamba kutsika ndi madzi pakati pa tizirombo teni-teni, kotero kuti ine ndemwe ndinasokonezeka kuti yathu ndi iti. Ndinali kunong'ona kuti, "Iri bwino, ibwera, ifika pa mwala, yafika." Pansi pa mwala panatuluka cinthu cakuda, cosafulumira konse. Ndinaona msana wa mawanga, wautali ngati kucokera pa cala mpaka pa mfundo ya dzanja, ndi kamwa loyera likutseguka. Nchenche inasowa. Ndisananene kanthu, Agogo anali atakweza kale ndodo. Nsonga yake inawerama, inagwedezeka kawiri, ndipo cingwe cinabwerera cofewa. Zonse zinatha msanga kuposa nthawi imene mwatenga kuwerenga mau awa.

Anaima osalankhula, ndodo iri m'mwamba. Kenaka anafunsa kuti, "M'nthiti mwake munali mzere wofiira?" Ndikanatha kunena kuti inde, ndipo akanakondwa. Koma ndinati, "Nthiti sindinazione, Agogo. Ndaona msana ndi kamwa cabe." Anati, "Palibe kanthu. Ndaimva m'dzanja. Kugunda kotero ndikudziwa, ndinali kukuona pa ndodo za eni ake." Anandipempha kuti ndiwakhazike pa mwala. Anagwira nchenche ija, yonyowa ndi yophwanyika phiko limodzi, naipapasa-papasa ndi cala, naiika m'thumba la malaya m'malo mwa m'kabokosi. Ndinafunsa ngati tipite pa dziwe lina. Anati ai, miyendo yatha, ndipo tiyi watsala ngati?

Potsika tinagula masitiroberi, ndipo Agogo anatsutsana mtengo ndi mnyamata wogulitsa kwa nthawi yaitali, namuuza kuti iwo anali kudya zipatso za pa phiri limeneli agogo ake asanabadwe. Ulendo wobwerera anagona njira yonse kucokera ku Katete mpaka ku Chongwe, ndipo ndodo ndinanyamula ndine. Titatsika minibasi ku Chelstone, ana aja anationa tikudutsa pa bwalo ndi zikwama, nathamanga. "Ba shikulu, mwabwela! Mwagwila zingati?" Agogo anaima, natsamira pa ine, napisa dzanja m'thumba la malaya. Anaonetsa ana kanthenga konyowa kale, kouma tsopano, kopanda mbedza. Kamnyamata kena kanakayang'anitsitsa nikati, "Nomba nsomba ili kuti?" Agogo anati, "Iri kwao. Nditengere cikwama ici, ndikakuuze kunyumba."